Ludo pa Khonde la Mkazi Mnzanga

Ukwati wanga unatha mwana wanga wamkazi asanayambe sukulu. Panalibe ndewu yoti anthu aikumbukire. Bambo ake anali mkamwini wochokera kwa Nchema, ndipo monga amachitira akamwini kwathu kuno, tsiku lina anamangirira zovala ndi wailesi pa njinga n'kuchoka, nyumba ndi mwana n'kundisiyira. Ankhoswe anakhala pansi kangapo, nkhani n'kuzilala. Patapita nthawi ndinamva kuti akwatira pa Namitambo, mkazi wachisilamu, mwana wa bambo wina wogulitsa nsalu. Ndinauza anzanga pamjigo kuti zimenezo sizikundikhudza, ndipo sindinkanama. Mwamunayo sindinkamufunanso.

Mwanayo anakula ali wofatsa mopitirira. Ukamutuma ankapita, ukamufunsa ankayankha mawu amodzi kapena awiri basi. Anthu ankati watengera ine, ndipo ndinkakondwa nazo, chifukwa ndinkaona ngati kukhala kwathu chete pakhonde, wina akusenda chinangwa wina akupeta, ndiko kunali kucheza kwathu.

Ali sitandade folo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anayamba kuchedwa pobwera kusukulu. Nthawi imeneyo ana anali atachuluka m'makalasi chifukwa cha sukulu yaulere, choncho akandiuza kuti aphunzitsi anawasunga sindinkakayika. Kenako ndinayamba kupeza zitsekerero za mabotolo m'thumba la yunifolomu yake ndikamachapa. Ndinkazitaya, mawa lake n'kupezamo zina. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa khola la mbuzi atayala katoni pansi. Anali atajambulapo timabokosi ndi makala, zitsekerero zina atazivundikira zina atazigadamika, akusuntha za mbali iyi, kenako n'kuzungulira kukasuntha za mbali inayo. Ndinamufunsa kuti chimenechi n'chiyani. Anati ndi dirafuti. Ndinamufunsa amene anamuphunzitsa. Anazengereza pang'ono, kenako anati, “Anti akusitolo.”

Sindinafunse kuti sitolo yake iti. Pa Namitambo aliyense ankadziwa kuti mkazi wa mwamuna wanga wakale anapatsidwa kachipinda ndi bambo ake n'kutsegula sitolo ya zinthu zosewera. Anthu ankaseka poyamba, amvekere ndani angagule ludo kumudzi kuno, koma sitoloyo sinagwe. Ine ndinali ndisanaiyang'anepo bwinobwino. Ndikamapita kukagulitsa tomato pamsika ndinkadzera tsidya lina la msewu, maso kutsogolo.

Ndinafuna kumuletsa mwanayo. Mchimwene wanga, amene ndi malume ake, anandiuza kuti mwana saletsedwa kupita kumene kuli bambo ake, ndiye ndinangomusiya.

Tsiku lina tikusola nandolo anandipempha kuti Loweruka tipitire limodzi. Anati ana adzapikisana pa dirafuti, ndipo anti anena kuti aliyense abwere ndi kholo lake. Ndinamuyankha kuti bambo ake ali konko, akwanira. Iye anati bambo ake Loweruka amapita ku Limbe kukaoda katundu, komanso anti anena kuti ndibwere ineyo. Ndinapitiriza kusola. Chinandipweteka n'chakuti ngakhale kundiitanako sikunachokere mumtima mwa mwana wanga. Anachita kutumidwa.

Komabe Loweruka ndinadzuka n'kusamba ngati ndikupita ku ukwati. Ndinavala chitenje chimene ndinkasungira kutchalitchi, n'kubwereka nsapato kwa mlamu wanga ngakhale zinkandithina. Ndinaphika chinangwa n'kuchimanga m'kansalu kuti mwana asakadye za eni. M'njira iye ankangotsogola, kuthamanga pang'ono n'kuima kundidikira. Titayandikira pamsika anayamba kupereka moni kwa anthu amene ine sindinkawadziwa, wokonza njinga, mayi wokazinga zitumbuwa, ndipo onse ankamuyankha ngati munthu wapamalopo.

Sitoloyo inali yaing'ono, yopakidwa utoto wobiriwira umene unali utayamba kusupuka. Pakhonde panali mabenchi awiri, azibambo atazungulira bawo, wina akutakata mabulo mwaukali ena akumuseka. Mkati munkanunkhira matabwa atsopano. Mabawo ogulitsa anali atawatsamiritsa kukhoma, osemedwa ndi mchimwene wake wa mwini sitolo. Pamashelefu panali makatoni a ludo, ena a njoka ndi makwerero, makadi, mipira yaing'onoing'ono, ulusi wolukira wamitundumitundu ndi singano zake. Pakauntala panali botolo lalikulu lodzaza ndi mabulo, dzuwa likamenya linkawala mpaka kudenga. Chapamwamba anapachika magalimoto amawaya opangidwa ndi ana a m'deralo. Ndinaima pakhomo ndi kansalu kanga ka chinangwa, n'kuganiza za nyumba yanga mmene munali mkeka, ndowa ndi makasu.

Kwa zaka zonsezo ndinali nditamuumba mkaziyo m'mutu mwanga: wamtali, woyera, wa zibangili, woyankhula mokweza mphuno. Amene anatuluka kuseri kwa kauntala anali wamfupi, wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, mwina msinkhu wanga womwe, mpango utaphimba makutu, dzino limodzi lakutsogolo litabenthuka. Anandipatsa moni ndi manja awiri atapinda mawondo.

“Achemwali, mwatiyendera. Ndimaopa kuti mukana.”

Ndinati mwana ndi amene wandikakamiza. Anaseka n'kunditulutsira mpando wake womwe amakhalira, ataupukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndinkafuna atandiyang'ana monyoza, kapena atanena kanthu kena kolasa, kuti ndipeze poyambira kumuda. Sanandipatse mpata umenewo.

Mwana wanga sanaodire n'komwe. Analowa kuseri kwa kauntala, n'kutenga kapu pamalo amene ankadziwa, n'kutunga madzi mumtsuko kudzandipatsa ine ngati mlendo. Kutabwera bambo wina wofuna dayisi chifukwa yake inali itagwera m'chimbudzi, ndi mwana wanga amene anatsegula kabokosi n'kumusankhira, uku akumuseka. Ndiyeno anayamba kuyankhula. Anafotokozera anti akewo za mphunzitsi amene anaterereka m'matope, za mnzake amene analumidwa ndi njuchi pachikope, za maloto ake a dzana. Ankasakanizamo mawu a Chiyao amene sindinkadziwa kuti amawatha. Ankaseka mpaka kugwira kauntala. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo. Ndinakhala pampando paja kapu ili m'manja, ndikuyang'ana mwana amene ndinamubereka ndekha, amene ankagona pamkeka umodzi ndi ine, ndikudzifunsa kuti nkhani zonsezi amazisunga pati akakhala kunyumba.

Ana opikisana anafika ndi makolo awo, ena ndi azakhali, wina ndi agogo ake aamuna amene anangofika n'kugona tulo pabenchi. Azibambo a bawo anasuntha n'kupereka malo. Mayi wa sitolo anayala matabwa a dirafuti, enieni opaka utoto, osati makatoni, n'kuwakhazika ana awiriawiri. Atsikana analipo awiri okha. Ine masewerawo sindinkawadziwa, ndinkangoona tizidutswa tikudumphana. Mayiyo anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi mpando wanga, n'kumandinong'oneza zimene zikuchitika, kuti apa wadya, apa wamutchera msampha. Kenako anandigwira pabondo.

“Taonani, achemwali. Akaluma mlomo wam'munsi choncho ndiye kuti waona podyera. Mnzakeyo watha basi.”

Ndipo zinaterodi. Mwana wanga anadumpha kawiri n'kutola tizidutswa ta mnzake. Mlomo umenewo ndinali nditauona akuuluma chiyambire ali wakhanda. Ine ndinkayesa kunyanyala, ndipo kangapo ndinamukalipirapo kuti asiye kundikwinyira nkhope. Munthu amene anamudziwa dzulodzuloli ndi amene anandiuza tanthauzo lake. Ndinangogwedeza mutu ngati ndinkadziwa kale.

Pa masewera otsatira kachidutswa kake kanafika kumapeto kwa thabwa n'kukhala kingi. Anadzutsa mutu n'kuitana, “Amayi, taonani!” Tonse awiri tinaimirira. Ine ndinali nditaponya kale phazi pamene ndinaona kuti nayenso waima pambali panga. Anazindikira msanga, n'kukhalanso pansi, n'kuyamba kukonza mpango umene sunali womasuka. Mwanayo anali atabweza kale maso pathabwa. Sindinamufunsepo kuti ankaitana ndani, ndipo ndikudziwa kuti akanati ine, chifukwa anali mwana waulemu.

Anagonja pa masewera omaliza kwa mnyamata wa sitandade seveni. Ndinakonzeka kuti alira, ndipo ndinamasula kansalu ka chinangwa kuti ndimutonthoze nako. Sanalire. Ananyamula thabwa lija mosamala kuti tizidutswa tisasunthe, n'kupita nalo kwa anti ake. Awiriwo anaweramira pamenepo mitu itagundana, akubweza masewerawo m'mbuyo kuti apeze pamene analakwitsa. Mayiyo sanamunyengerere. Anamuuza kuti anathamangira kudya, ndipo mwanayo anavomera. Ine chinangwa chija ndinagawira ana a eni amene anali pafupi nane.

Dzuwa litapendeka anthu anayamba kubalalika. Ndinaimirira kuti titsanzike, koma mayiyo anati sizingatheke kuti ndichoke pasitolo yake osagwirako dayisi. Dirafuti imatenga nthawi kuiphunzira, anatero, koma ludo ngakhale mlendo amapambana. Mwana wanga anandigwira dzanja n'kundikokera pamkeka umene anayala pakhonde. Kunali koyamba tsiku limenelo kuti andigwire, ndiye ndinakhala.

Anandifotokozera yekha malamulo. Aliyense ali ndi ana anayi m'nyumba mwake, mwana satuluka mpaka dayisi itagwa sikisi, ndipo ukapeza mwana wa mnzako pamalo amene wafika umamudya, iye n'kubwerera kunyumba kukayambiranso. Ine anandipatsa ofiira, anti ake achikasu, iye obiriwira. Ndinaponya kambirimbiri sikisi osabwera, iwo akuzungulira. Kenako inabwera, mwana wanga mmodzi n'kutuluka, ndipo posakhalitsa ndinapezeka kuti ndili kumbuyo kwa wachikasu. Dayisi inagwa bwino, ndinamudya. Ndinamunyamula ndi zala zanga n'kumubwezera m'nyumba mwa mayiyo, ndipo ndinamva kukoma kumene sindinakumve kwa nthawi yaitali. Ndinaseka mokweza mpaka azibambo a bawo anacheuka.

Kuyambira pamenepo ndinalibenso ntchito ina. Ndikapeza sikisi, m'malo motulutsa mwana wina ndinkathamangitsa yemwe uja kuti apeze wachikasu. Obiriwira ankandidutsa pafupi, ena ndikanatha kuwadya, koma sindinkawaona n'komwe. Ndinamudyanso kachiwiri, kenako kachitatu. 

“Amayi, bwanji mukungotsata a anti?” anafunsa mwana wanga. “Anu enawa sanatuluke n'komwe.”

Mayiyo anaseka n'kunena kuti andisiye, aliyense ali ndi kaseweredwe kake. Koma poponya dayisi anandiyang'ana kamodzi, mosakwiya, ndipo ndinadziwa kuti wamva zonse zimene sindinanene.

Tili pakati pa masewerawo bambo a mwana anafika kuchokera ku Limbe, katoni ili paphewa. Ataona akazi awiri ndi mwana pamkeka umodzi anaima ngati aponda minga. Anavula chipewa, n'kundifunsa za kumudzi, za mbuzi, za denga la kitchini ngati likudonthabe. Ndinawayankha bwinobwino. Anali atanenepa pang'ono, imvi zitayamba. Ndinadziyang'ana mumtima kuti ndione ngati muli kanthu, ndipo munalibe. Anaika katoni mkati n'kupeza chifukwa chopitira kwa wokonza njinga. Ine maso anga anabwerera kwa wachikasu. Anapambana ndi mwana wanga, mayiyo anabwera pambuyo pake, ine ana awiri akadali m'nyumba.

Potsanzika mayiyo anatsitsa katoni ya ludo yatsopano pashelefu n'kuipereka kwa ine, osati kwa mwana. Anati tizikasewera kunyumba madzulo, si yogulitsa. Ndinathokoza n'kunena kuti kwathu ntchito imachuluka, ingakangodyedwa ndi chiswe. Anayesanso kachiwiri, ndinakananso. Mwana wanga anayang'ana pansi. Mayiyo anaibwezera pashelefu mwakachetechete n'kutiperekeza mpaka pachigayo.

M'njira mwanayo anabwerera kukhala uja ndinkamudziwa. Ankayenda pambuyo panga. Nsapato zobwereka zija ndinazivula n'kuzinyamula m'manja. Ndinamufunsa ngati amadya kumeneko. Anati nthawi zina tiyi wamkaka ndi mandasi. Ndinamufunsa amene anamuluka tsitsi mwezi wathawo, pamene anandiuza kuti ndi mnzake. Anangoyang'ana kumbali. Titawoloka kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi wathu anandifunsa ndi mawu aang'ono kuti anti ndawaona bwanji. Ndinati ndi munthu wabwino. Ndinanena zoona.

Sabata yotsatira ndinapempha mchimwene wanga kuti andiphunzitse dirafuti. Anaseka mpaka misozi, komabe anavomera. Tinkaphunzira masana kudimba, pamthunzi wa nthochi, pa katoni yomwe ija ya mwana wanga imene ndinkaitenga iye ali kusukulu n'kuibweza asanabwere. Nditaona kuti ndayamba kugwira, ndinamuitana tsiku lina kuti tisewere. Anadabwa, ndipo anakondwa zenizeni. Anandigonjetsa ndisanakhazikike n'komwe. Ulendo wachiwiri anayamba kundibwezera ndikalakwitsa, amvekere bwezani amayi, yang'ananinso, ngati mmene umachitira ndi kamwana. Ndipo malangizo ake onse ankayamba ndi mawu omwewo, akuti anti amati osasuntha a kumbuyo msanga, anti amati nthawi zina umapereka mmodzi kuti udye awiri. Mkazi uja anali atafika mpaka pakhonde langa popanda kuponda m'mudzi mwathu.

Ndinapitirizabe kupita kusitoloko Loweruka lina ndi lina, ndikatha kugulitsa tomato. Kutsala kunyumba n'kumaganizira zimene akuchita kunali kowawa kuposa kuziona. Ndinkakhala pampando womwe uja. Ndinagulako ulusi n'kuluka chipewa cha mwana wa mlamu wanga. Ine ndi mayiyo tinkakambirana za mvula, za mitengo ya feteleza, za matenda a bambo ake ogulitsa nsalu aja. Iye mwana analibe, ndipo nkhani imeneyo sitinaikhudzepo. Sitinakhale mabwenzi, komanso sitinayambanepo.

Mwana wanga ali sitandade seveni, bambo ake anachokanso. Anauza mkazi wawoyo kuti akukafuna ntchito ku Joni, ndipo sanabwerere. Ndinamva chisoni, inde, koma pansi pa chisonicho panali kachiyembekezo kakuti tsopano mwana alibenso chifukwa chopitira kumeneko. Anapitabe, ndipo anawonjeza. Ankathandiza kutsegula m'mawa asanalowe m'kalasi, Lachisanu masana n'kumadikirira sitolo mayiyo akachoka pang'ono kukapemphera. Apa m'pamene ndinasowa pobisala. Kale ndinkauza anthu kuti amapita kwa bambo ake. Tsopano aliyense ankaona kuti amapita kwa mkazi amene sanali naye pachibale chilichonse, ndipo anzanga pamjigo anayamba kundifunsa mwachifundo chonyenga ngati mwanayo sadzalowa Chisilamu. Sanalowe, ndipo mayiyo sanamukokerepo. Lamlungu ankachita kumuthamangitsa kuti asachedwe kutchalitchi.

Atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndinagulitsa mbuzi n'kumugulira sutikesi ndi bulangeti. Tsiku lonyamuka tinapita pasiteji ya Namitambo ine, iye ndi malume ake. Mayi wa sitolo anafika mochedwerapo, akupuma mwamphamvu, atanyamula kaphukusi ka mtedza wokazinga ndi sopo. Anaima chapatali mpaka ndinamukodola kuti asendere. Minibasi itadzaza, mwana wanga anagwada pang'ono n'kumugwira mayiyo chanza, n'kuthokoza mwaulemu ngati kwa mphunzitsi. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundikumbatira m'chiuno, nkhope n'kuibisa pachifuwa panga, n'kulira mosadziletsa mpaka kondakitala anayamba kumenya galimoto ndi chikhatho. Ndinamusisita pamsana ndikuyang'ana mayi uja pamwamba pa mutu wake. Ndinkafuna aone, ndipo anaona. Anayang'ana kumbali, manja atawapinda pamimba.

Minibasi itapita mchimwene wanga anatsala akucheza ndi anzake, ndiye ine ndi mayiyo tinayenda limodzi kulowera kumsika. Chimwemwe chija chinatha ndisanafike n'komwe pachigayo. Tinakambirana za nandolo, kuti chaka chino wachita bwino koma ogula akuvuta. Pakhomo pa sitolo yake anaima n'kuyamba kufunafuna kiyi m'chitenje, ngakhale anali naye m'manja.

“Achemwali, akabwera pa holide mudzamuuzeko kuti adzandione. Olo kamphindi chabe.”

Ndinamuyankha kuti ndamva, ndidzamuuza.

Teremu itatha anafika Lachisanu madzulo, atatalika, atawonda pang'ono. Ndinamuphera nkhuku. Anandifotokozera za chakudya cha kusukulu ndi za atsikana a m'tauni, ndipo ndinamvetsera chilichonse, chifukwa anayankhula kuposa kale. Ndinaganiza zomuuza uthenga uja mawa lake tikamwa phala. Ndikutuluka m'nyumba m'mawa ndinamupeza atasesa kale bwalo, atasamba, akupesa tsitsi pakhonde. Anandifunsa ngati pali chimene ndikufuna kuti akandigulire pa Namitambo. Ndinati mchere watha.